Chifunga cha ku Shetland ndi ku Faroe sichithawa dzuwa

Ngati munaphunzirira matanga ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, ndipo anzanu a ku Scotland akuitanani kuti mukathandize pa boti lawo lopita ku zilumba za kumpoto, dziwani kuti luso lanulo likakuthandizani theka lokha. Kukoka zingwe, kuchepetsa thanga, kugwira chiwongolero mafunde akumenya chammbali, zonsezo mwera wa mu Julaye unakuphunzitsani kale. Chimene nyanja yathu singaphunzitse munthu ndi madzi oyenda okha, osintha kolowera pakangotha maola asanu ndi limodzi, komanso chifunga chotha masiku awiri kapena atatu chisanachoke. Anthu amaopa namondwe, koma namondwe amalengezedwa pa wailesi, mumamudikira muli padoko. Chimene chimafooketsa munthu mpaka kumulakwitsa ntchito ndi kunyowa ndi kuzizidwa tsiku ndi tsiku.

Njira yodziwika imayambira ku Kirkwall, ku Orkney, kudzera pa Fair Isle, kachilumba ka anthu osakwana 100, kukafika ku Lerwick, likulu la Shetland. Pamenepa palibe ulendo wopitirira tsiku limodzi. Mtunda weniweni uli pakati pa Shetland ndi Faroe, mamailosi a panyanja pafupifupi 200. Mailosi imodzi ya panyanja ndi mamita 1,852, ndipo kuyenda mailosi imodzi pa ola ndiko amati knot imodzi. Boti la mamita 11 kapena 12 limayenda ma knot 5 kapena 6, ndiye kuti mukhala pamadzi maola 33 mpaka 40. Nyengo yoyendera ndi Juni, Julaye ndi Ogasiti.

Ntchito imayambira kuno ku Lilongwe. Orkney, Fair Isle ndi Shetland ndi mbali ya Scotland, choncho pamafunika viza ya ku UK, ndipo onetsetsani kuti ndi yolowera kangapo, chifukwa mukapita ku Faroe mwatuluka m'dzikomo. Zilumba 18 za Faroe zili pansi pa ufumu wa Denmark, koma sizili mu European Union, sizilinso mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya olowedwa ndi viza imodzi. Viza wamba ya Schengen sigwira ntchito kumeneko pokhapokha italembedwa kuti ndi yolowera ku Faroe. Akaputeni ambiri a ku Ulaya izi sazidziwa, poti iwo amangolowa, ndiye musadikire kuti akuuzeni. Apempheni kalata yokhala ndi dzina la boti, madoko ndi masiku ake.

Zovala zambiri mukhoza kuzipeza pa kaunjika, ku Tsoka kapena kwina kulikonse, bola muziwerenga kansalu ka m'khosi. Chathonje chilichonse chisiyeni: jinzi, tisheti, masokosi a kusukulu. Thonje likanyowa limagwira madzi n'kumakuyamwani kutentha. Mukufuna zovala zitatu zosanjikiza. Cham'kati chikhale cha polyester kapena cha ubweya wa nkhosa, chogwira thupi, malaya ndi buluku lomwe. Mutenge mapeya atatu. Chapakati ndi juzi ya fleece kapena ya ubweya, ziwiri, imodzi yopyapyala ina yokhuthala. Masokosi a ubweya mapeya asanu ndi limodzi, zipewa zaubweya ziwiri, ndi kathaulo kakang'ono koika m'khosi kuti madzi asatsikire kumsana. Chakunja, jekete ndi buluku losalowa madzi lofika pachifuwa, musavutike kusaka kuno. Renikoti ya pamsika imang'ambika tsiku loyamba. Bwerekani kapena gulani komweko, pamodzi ndi majombo a mphira okulirapo kuti mulowe masokosi awiri. Magolovesi abwino, kwa ine, ndi a mphira okhala ndi ubweya m'kati amene asodzi akumeneko amavala, osati okwera mtengo a m'sitolo za maboti. Masana kumakhala madigiri 11 mpaka 14, madzi ali pa 10 mpaka 12, pamene nyanja yathu imakhala pamwamba pa 22 chaka chonse.

Tsiku la m'boti silitsata dzuwa. Kumapeto kwa Juni ku Lerwick dzuwa limakhala kunja maola pafupifupi 19, ndipo pakati pa usiku sikuda kwenikweni. Chimene chimanena nthawi yodzuka ndi madzi. Nyanja imakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse imachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50. Madzi ochuluka chonchi akamadutsa pampata wa zilumba ziwiri amathamanga. Ku Pentland Firth, pakati pa Scotland ndi Orkney, amapitirira ma knot 10. M'mipata ina ya ku Faroe amafika ma knot 8 kapena kuposa. Boti lanu ngakhale pa injini silipitirira 6 kapena 7, ndiye mukalakwitsa nthawi mumaona thanthwe lomwelo kwa maola, kapena mumabwerera chambuyo mphuno ya boti ikuloza kutsogolo. Mphamvuyi imakula masiku awiri pambuyo pa mwezi wathunthu ndi pambuyo pa mwezi watsopano, ndipo sabata yotsatira imatsika pafupifupi ndi theka.

Choncho madzulo aliwonse kaputeni amakhala pansi ndi buku la nthawi za madzi n'kuwerengera chobwerera: tikufuna kudutsa pampata wakuti madzi ali phee kapena akulowera kwathu, ndi mamailosi 15 kuchokera pano, tinyamuke maola atatu nthawiyo isanakwane. Yankho likakhala 3 koloko ya m'bandakucha, ndi yomweyo. Pali msampha umodzi wofala. Mabuku ambiri amalemba nthawi ya UTC, yoyendera dziko lonse, pamene wotchi ya ku Scotland ndi ya ku Faroe m'miyezi imeneyi ili patsogolo ndi ola limodzi. Woiwala kuonjezera olalo amafika pampata madzi asanatembenuke. Wotchi yanu yochokera kuno ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, pa ya ku Scotland ndi ola limodzi, ndiye isintheni mukangotsika ndege.

Choopsa kwambiri ndi mphepo yolimbana ndi madzi. Mphepo yapakatikati, imene pa nyanja yathu mungasangalale nayo, ikawomba mosemphana ndi madzi othamanga imadzutsa mafunde aafupi, oima chilili, osweka pamwamba. Kumwera kwa Shetland kuli malo otero otchedwa Sumburgh Roost, ndipo ali panjira penipeni pochokera ku Fair Isle. Alambalaleni patali, kapena dutsani madzi atafatsa. Ku Tórshavn, likulu la Faroe, musanamizidwe poona kuti padoko madzi sakukwera kapena kutsika kwenikweni. Zimenezo n'zoona, koma kungotuluka pang'ono, pakati pa zilumba, akukoka ndithu.

M'mawa, tiyi ali pamoto, wina amamvetsera za nyengo. A Coastguard amayamba alengeza pa wailesi ya panyanja ya VHF, tchanelo 16, kenako n'kunena tchanelo chosamukira. Nyanja inagawidwa m'zigawo, ndipo zanu ndi Fair Isle ndi Faeroes. Lembani zimene akunena, musadalire mutu. Pochenjeza za mphepo yamphamvu, akati imminent ndiye kuti m'maola 6 akubwerawa, soon ndi pakati pa maola 6 ndi 12, later ndi kupitirira apo. Pa za kuona patali, poor ndi pakati pa mamita 1,000 ndi mamailosi awiri, very poor ndi pansi pa mamita 1,000, chimene ndicho chifunga. Barometer ya m'boti, yoyezera kulemera kwa mpweya, iwerengeni ola lililonse. Ikatsika ndi ma millibar 6 kapena kuposa m'maola atatu, mphepo yamphamvu ili panjira, kaya wailesi yanena kapena ayi.

Tsono chifungacho. Cha kuno, chimene chimagona m'madambo ndi m'mbali mwa Lingadzi m'mawa wa mu Juni, chimabwera chifukwa nthaka yazizira usiku, ndipo dzuwa likangotentha chimabalalika. Cha panyanja chimabadwa mwanjira ina. Mpweya wofunda, wachinyezi, wochokera kumwera umadutsa pamwamba pa madzi ozizira, umazizira, ndipo chinyezi chake chimasanduka timadontho. Madziwo satenthedwa ndi dzuwa la tsiku limodzi, choncho chifunga chimakhalapobe masana onse. Mphepo yapakatikati sichichotsa, imangobweretsa china. Chimachoka mphepo ikasintha n'kumachokera kumpoto kapena kumpoto chakumadzulo. Amene amati tiyeni tinyamuke, pofika 10 koloko kuyera, akuganiza za kumtunda.

Chimachenjeza chisanafike. Mphepo ili kumwera kapena kumwera chakummawa, pamwamba pa boti payamba kunyowa masana popanda mvula, malire a nyanja ndi thambo afufutika, phiri la kutsogolo latsala nsonga yokha. Mukaona zimenezi musadikire. Lembani pa mapu a pepala pamene muli, nthawi yake, ndi kumene kampasi ikuloza. Dzutsani kaputeni ngakhale wangogona kumene. Yatsani nyali za boti ndi radar, makina oonetsa pa sikirini zinthu zimene zakuzungulirani. Aliyense avale jekete yoyandamitsa, lamba wa pakati pa miyendo atamanga, chifukwa popanda lambayo jekete imakwera kumutu munthu akagwera m'madzi. Amene ali panja adzikolowekenso ku boti ndi chingwe chake. M'madzi a madigiri 11, mphindi yoyamba munthu amangopuma mwabefu, ndipo ambiri amamwa madzi nthawi imeneyo. Pakatha mphindi khumi zala zimakana kugwira chingwe. M'chifunga, wogwayo amasowa m'maso boti lisanatembenuke n'komwe.

Malamulo a panyanja a 1972 amanena za kuliza hutala. Boti loyenda ndi matanga limaliza kamodzi motalika, masekondi 4 mpaka 6, kenako kawiri mwachidule, ndipo limabwereza mphindi ziwiri zisanathe. Injini ikangolowa giya, ngakhale matanga ali mmwamba, ndinu boti la injini: kamodzi kokha motalika. Mukamva kawiri motalika, ndi boti la injini limene laima pamadzi. Hutala ya m'chitini imatha mpweya msanga, choncho pazikhalanso yopopa kapena youzira pakamwa. Musayembekezere kuti nyumba za nyali za m'mphepete mwa nyanja zikulizirani. Ku Scotland anasiya zimenezo mu 2005.

Munthu mmodzi akhale kutsogolo, kutali ndi phokoso la injini, makutu ali pamtunda. Chipewa cha jekete chimatseka makutu, ndiye avale chaubweya chokha. Ngati mukuyenda pa injini, ichepetseni kwa mphindi imodzi pakapita kanthawi kuti mumvetsere. Chifunga chimasokoneza kochokera phokoso, choncho womva aloze ndi dzanja n'kunena, wa pa radar atsimikize. Chifukwa chake cha zonsezi ndi masamu chabe. Sitima za NorthLink zochokera ku Aberdeen, kapena Norröna yopita ku Tórshavn, zimatha kuyenda ma knot 20. Ngati mukuona mamita 200 okha, kuyambira poiona mpaka kugundana ndi masekondi 20.

AIS, chipangizo chimene sitima zimadzilengezera pa wailesi, imaonetsa dzina la sitima, liwiro lake, ndi mtunda umene idzakudutseni. Ngati ukuchepera mailosi imodzi, iitaneni pa wailesi ndi dzina lake, muifunse ngati ikukuonani. Koma timaboti tambiri ta asodzi tilibe AIS, ndiye radar ndiyo diso lenileni. Kutali ndi mtunda iikeni pa mamailosi 6, n'kumatsitsa pa 1.5 kawirikawiri. Cholakwika chofala n'kukweza kwambiri batani lochotsa zithunzi za mafunde kuti sikirini ioneke yoyera; limafufutanso timaboti tating'ono tapafupi. Kadontho kamene kakuyandikira koma osasuntha mbali, kakubwera pa inu. M'chifunga mulibe zoti ine ndi wa matanga andipatse njira. Aliyense amapewa mnzake. Chinthu chikakhala kutsogolo, musakhotere kumanzere, ndipo musakhotere kumene kuli chinthu chimene chili pambali panu kapena kumbuyo. Khotani msanga ndiponso kwambiri, madigiri 30 kapena kuposa, kuti winayo aone pa radar yake kuti mwasintha. Mukakayika chepetsani liwiro.

Kugwira chiwongolero m'chifunga kumazunguza mutu. Thupi limakuuzani kuti boti likukhota pamene likuyenda bwinobwino, inu n'kuyamba kukonza chimene sichinalakwike. Khulupirirani kampasi, ndipo muzisinthana mphindi 30 zilizonse. Ngati pali makina oongolera okha, apatseni ntchitoyo, maso a anthu akhale kunja. Ulonda wa masiku onse, pa anthu anayi, umakhala wa maola atatu, awiriawiri, koma m'chifunga maola awiri ndi okwana. Wobwera kudzalandira adzuke mphindi 15 nthawi isanakwane, chifukwa kuvala kokha kumatha mphindi khumi, ndipo kumuchedwetsa mnzako amene wazizidwa ndi chipongwe chimene anthu saiwala msanga.

Mabuku ophunzitsira amati m'chifunga thawirani kosaya, kumene sitima zikuluzikulu sizifika, muzitsata kuya kwa mamita 10 kapena 20. Malangizowo ndi abwino kwina, osati ku Faroe kapena kumadzulo kwa Shetland. Kumeneko matanthwe amatsika chilili, ndipo makina oyezera kuya amatha kuonetsa mamita 40 khoma la mwala lili pafupi. Zokuchenjezani ndi zina: hutala yanu ikubwerera, mafunde ayamba kusokonekera chifukwa akugunda khoma n'kubwerera, phokoso la mbalame, ndi fungo la zitosi zake, limene limamveka patali ndithu. Njira yolowera padoko ikonzeni pa GPS mukadali kunja, muiyerekeze ndi chithunzi cha radar. Polowa, zizindikiro zofiira zikhale kumanzere, zobiriwira kumanja. M'malo obisika ambiri muli makola a nsomba za salmon, ndipo ena anaikidwa mapu anu atasindikizidwa kale.

M'mphepete monse muli maboya oyandama osonyeza pamene pali misampha ya nkhanu. Chingwe chake chikakulunga pulopela, injini imazima nthawi yomweyo. Mukaona awiri oyandikana musadutse pakati, alumikizidwa. Dutsani patali, kumbali imene madzi akulowera. Madzi akamakoka kwambiri amawamiza, mumangoona kamzere pamwamba. Mukamva kugunda pansi, chotsani giya msanga musanaganize china chilichonse. Vuto lina la injini limabwera pambuyo pa mafunde: zinyalala za pansi pa thanki zimavunduka n'kutseka fyuluta ya dizilo. Injini imayamba kukwera ndi kutsika yokha kenako n'kuzima, kawirikawiri pakhomo pa doko. Mafyuluta apadera akhale atatu, ndipo phunzirani kusintha ndi kutulutsa mpweya m'mapaipi boti likadali padoko. M'mawa uliwonse onani oyilo, lamba, ndi kasefa ka madzi a m'nyanja kamene kamadzaza udzu. Mukaliza injini suzumirani kumbuyo ngati madzi akutuluka ku ekizozi. Ngati sakutuluka, zimitsani, kampira ka m'pampu kangapse. Injini ya boti lotere imamwa malita awiri kapena atatu pa ola, ndipo mudzaigwiritsa ntchito kuposa mmene mukuganizira.

M'kati mwa boti nkhondo ndi ya chinyezi. Kunja kwa khoma kuli madzi a madigiri 11, m'kati muli anthu anayi akupuma, ketulo ikuwira, zovala zonyowa zili pakhomo. Gasi yekha, kilogalamu imodzi ikapsa, imatulutsa madzi oposa lita imodzi ndi theka. Madzi onsewo amakathera pa mawindo, padenga ndi pansi pa matiresi. Anthu akazizidwa amatseka paliponse, ndipo m'mawa denga limawadonthera kumaso. Chofunika ndi kutenthetsa ndi kutsegula nthawi imodzi: hita iyake, kawindo kakutsogolo katseguke zala ziwiri, chitseko chakumbuyo chimodzimodzi. M'mawa uliwonse pukutani mawindo ndi kansanza n'kufinyira m'sinki, imikani matiresi kuti pansi papite mphepo, tsegulani makabati. Mukalekerera sabata imodzi, chuku chimamera.

Mchere ndiwo sitiudziwa ife a kunyanja ya madzi abwino. Chovala chonyowa ndi madzi amchere sichiuma, ngakhale muchiyanike pa hita. Mchere umatsalira mu nsalu n'kumakoka chinyezi cha mumpweya. Chitsukuluzeni kaye m'madzi abwino. Pa chifukwa chomwechi, zovala zakunja zivulidwe pamakwerero, zisakhudze mipando kapena pogona. Zovala zouma zikhale m'mapepala apulasitiki omanga, ndipo peya imodzi ya zam'kati ndi masokosi ikhale yogonera basi, ngakhale zinazo zinyowe bwanji. Chofunda chikhale thumba logonamo la polyester, la nthenga likanyowa latha ntchito. Mafuta odzola okhuthala amathandiza m'manja ndi pamene jekete imakhula dzanja, apo ayi pamatuluka tizilonda tosapola. Kansalu kophimba m'maso n'kofunikanso, chifukwa tulo timavuta kunja kukuwala.

Hita zambiri ndi za dizilo, za Eberspächer kapena Webasto. Zimamwa pang'ono, kotala la lita pa ola kapena kuchepera, koma poyaka zimakoka magetsi ambiri kwa mphindi zingapo, ndiye batire likafooka zimakana. Ikayaka motsitsa nthawi yaitali imadzaza mwaye. Muziikweza mpaka pamapeto kwa mphindi 20 musanaizimitse. Izimitseni pa batani lake, osati pa switchi yaikulu ya batire, chifukwa imafunika kudziziziritsa yokha. Onaninso kuti potulukira utsi wake kunja sipanatsekedwe ndi chingwe kapena chotchinjiriza boti. Kuotha moto wa chitofu cha gasi mutatseka zitseko n'chimodzimodzi kugona ndi mbaula m'nyumba: mpweya wake sununkha, umangokugonetsani. Boti lopanda alamu ya carbon monoxide musagonemo hita ikuyaka.

Magetsi amavuta chifukwa chifunga chimapha sola pamene chikufuna kuti zonse ziyake. Radar, makina oongolera, GPS, nyali ndi hita pamodzi zimakoka ma amp 10 kapena 12. Mabatire wamba a 300 Ah mumangogwiritsa theka lake ngati mukufuna akhalitse, ndiye pakatha maola 12 mpaka 15 afika polekezera. Muziliza injini ola limodzi kapena awiri asanafike pamenepo, ndipo batire loyatsira injini lisasakanizidwe ndi enawo. Fuliji mukhoza kuzimitsa. Batala, tchizi ndi masamba zimasungika bwino m'kabati ya pansi yogundana ndi khoma la boti.

Kuphika kumafuna dongosolo. Chitofu chimalendewera kuti chizikhala chowongoka boti likapendekeka, ndipo poto amamangidwa ndi tizitsulo. Wophika pamafunde avale buluku losalowa madzi ndi majombo, chifukwa madzi owira akakhuthukira pamiyendo chipatala chili kutali. Musananyamuke ulendo wautali phikiranitu nyemba kapena nyama mu poto wa pulesha, amene chivundikiro chake chimakhoma, ndipo dzazani mafulasiki awiri ndi madzi otentha. Nsima imatheka, koma padoko kapena nyanja ikakhala bata. Kuthyakula boti likugudubuzika n'kufuna ngozi, chifukwa pamafunika manja awiri ndipo limodzi ndi logwirira. Pamafunde phala la oats ndi chiponde limakwanira. Ufa umapezeka m'sitolo za zakudya za ku Africa ku Glasgow ndi ku Aberdeen, kuzilumbako musaudalire. Werengerani magalamu 150 mpaka 200 pa munthu pa chakudya chimodzi, ndipo uthireni m'mabotolo apulasitiki ouma, chifukwa m'pepala umachita chuku. Mthiko nyamulani wanu. Nyama ndi zamkaka zochokera kuno saloleza kulowa nazo ku UK. Ndiwo zili m'madzi momwemo: mu Julaye ndi Ogasiti nsomba za mackerel zimadya mbedza za nthenga, zingapo nthawi imodzi. Zitumbuleni pompo ndipo mudye tsiku lomwelo, sizichedwa kuonongeka.

Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amatsikira pansi pa boti n'kukhala pomwepo. Mukatha kuphika tsekani ku botolo moto ukadayaka, uzime wokha, kenako tsekani pa chitofu. Mabotolo a ku Scotland sagwirizana ndi a ku Faroe pakamwa pake, choncho nyamulani okwanira. Madzi akumwa m'thanki amakhala malita 200 kapena 300. Mbale ndi poto wa nsima zitsukeni ndi madzi a m'nyanja, abwino akhale otsukuluzira. Kusamba kumadikira padoko.

Za chizungulire ndi kusanza musachite nazo manyazi, zimagwira ngakhale akale. Mapiritsi a Stugeron a 15 mg munthu wamkulu amamwa awiri maola awiri asananyamuke, kenako limodzi maola 8 aliwonse; amabweretsa tulo, ndiye ayeseni kaye muli pamtunda, ndipo ngati mumamwa mankhwala ena funsani adokotala. Mukayamba kumva nseru khalani panja mugwire chiwongolero, kapena gonani chagada maso otseka. Kukhala chokhala m'kati ndiko koipitsitsa. Sanzirani m'ndowa, osati kuweramira kunja. Pakatha masiku awiri kapena atatu thupi limazolowera. Chimbudzi n'chopopa ndi dzanja: popani ka 15 kapena 20 kuti paipi yonse itsukike, bwezerani kachitsulo ku mbali youmitsa, ndipo musaponyemo china chilichonse. Abambo, khalani pansi. Kutaya madzi mutaima m'mphepete mwa boti ndi njira yodziwika yogwera m'nyanja.

Madoko ambiri ndi a asodzi, khoma la konkire lopachikidwa matayala akuda. Ikani thabwa pakati pa zotchinjiriza boti ndi matayalawo. Zingwe zikhale zazitali kuti boti lizikwera ndi kutsika momasuka. Ku Lerwick kusiyana kwake sikufika mamita awiri, ku Kirkwall kumaposa pamenepo. Mukamangirira pambali pa boti la asodzi afunseni nthawi imene anyamuke, ndipo podutsa pa boti la eni dzerani kutsogolo kwa mlongoti. Ku North Haven, pa Fair Isle, malo a boti lonyamula anthu ndi katundu wa pachilumbapo asiyeni. Ku Faroe mphepo imagwa kuchokera m'mapiri mwadzidzidzi, mwamphamvu kuposa ya panyanja, choncho zingwe ziwirikizeni ngakhale kunja kuli bata. Mukafika koyamba, ku Tvøroyri kapena ku Tórshavn, kwezani mbendera yachikasu, kaputeni adziwitse a kasitomu.

Nangula amavuta chifukwa cha kelp, udzu wa m'nyanja wa masamba aakulu oterera. Nangula amakola udzuwo, inu n'kumati wagwira, mphepo ikakula n'kuzuka nawo. Sakani pamene pansi pakuoneka poyera, pamchenga. Tsitsani tcheni chotalika kanayi kuya kwa madzi atakwera, bwererani chambuyo pang'onopang'ono, kenako kokani ndi injini mwamphamvu kwa mphindi imodzi dzanja lili pa tcheni. Chikamanjenjemera, akukhukhuluzika; kwezani, chotsani udzu, yambiraninso. Tcherani alamu ya GPS musanagone. Popita kumtunda pa kaboti kakang'ono tengani kampasi ndi wailesi ya m'manja, ndipo onani kumene boti lili musanachoke, chifukwa pobwerera mwina simuliona. Pamtunda, mbalame zikuluzikulu zofiirira zotchedwa bonxie zimatsika kudzamenya mutu wa woyandikira zisa zawo. Kwezani ndodo pamwamba pa mutu. Njira zakale za ku Faroe zili ndi milu ya miyala yolozera, ndipo chifunga chikakupezani khalani pa mulu mpaka muone wotsatira, chifukwa maphompho ake alibe mpanda.

Pa sabata iliyonse werengerani masiku awiri kapena atatu okhala padoko kudikira nyengo. Ndiwo masiku ochapa, oumitsa, osintha oyilo ndi ogona. Tikiti yobwerera ku Lilongwe igulidwe poganizira zimenezi: ikhale yotheka kusintha, ndipo pakati pa tsiku limene boti likuyembekezeka kufika ndi tsiku la ndege pakhale masiku atatu. Mabwalo a ndege a Sumburgh ku Shetland ndi Vágar ku Faroe nawonso amasokonekera ndi chifunga chomwechi. Kuchokera ku Lerwick njira yodalirika ndi sitima ya usiku yopita ku Aberdeen, ya maola 12 mpaka 14, ndipo mu Julaye malo ogona m'sitimayo amatha msanga, choncho sungitsani nthawi ikadalipo.